Nsapato ya Kumanzere ya Nermin

1

Mwamuna wanga sananyamulepo mwana wathu. Ndikanena chonchi anthu amaseka, amayesa ndikunena za ulesi wa amuna uja tonse tikuudziwa. Ayi ndithu. Medhat ankachapa matewera, ankawiritsa mkaka, ankayimba mpaka mwana agone, koma kumunyamula ayi. Tsiku limene Hala anabadwa, namwino anamutambasulira kakhandako, iye anabisa manja kumbuyo n'kubwerera mpaka kukatsamira khoma.

"Landirani bambo, ndi wanu," anatero namwino.

"Apatseni mayi ake. Manja angawa amagwetsa."

Namwino anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinkadziwa kumene mawuwo ankachokera, ndipo ndinkadziwanso chinthu china chimene iye sankachidziwa. Chinthu chimenecho ndinakhala nacho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.

Dzina langa ndine Sawsan, wa ku Shubra muno mu Cairo, ndipo ntchito yanga ndi singano. Mng'ono wanga mumamudziwa nonse ngakhale simunamvepo kuti ali ndi mkulu wake. Ndi Nermin, uja amaoneka pa kanema Lachisanu lililonse akuyanjanitsa anthu amene anadana.

Chaka chatha mayina athu awiri, ine ndi Medhat, anatuluka pa maere a opita ku Haji. Mwamuna wanga analira ndi chimwemwe, anagawira aneba onse maswiti. Atatero anatenga kope n'kuyamba kulemba anthu oti akawapepese, pakuti munthu sanyamuka kupita ku Maka atasiya wina amene anamulakwira. Analemba wogulitsa nyama amene anamutukwana pa nkhani ya mafupa. Analemba msuweni wake. Koma pamwamba penipeni, ndi zilembo zazikulu, panali dzina la Nermin.

"Zija zinatha kalekale, bambo a Hala," ndinatero, tiyi akutayikira m'sosa.

"Zinatha kwa ndani? Mwendo wake unabwerera?" Anandikankhira kope lija. "Nanga inu simulemba anu?"

"Ine palibe amene ndinamulakwira."

Anaseka mwachikondi. "Zoona. Inutu ngakhale nyerere mumailambalala."

Tiyi ameneyo sindinamumalize.

2

Tonse atatu, ine, Nermin ndi Medhat, tinakulira kusukulu yovina gule wa baleti. Mayi ndi amene anatilowetsako, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, Nermin patapita zaka zitatu. Bambo, amene ankagwira ntchito ku positi, ankauza abale awo kuti ana awo amachita masewera olimbitsa thupi, chifukwa mawu akuti kuvina sankatuluka m'kamwa mwawo.

Mphunzitsi wathu anali Madamu Fikreya, mayi wowonda woyenda ndi kandodo, amene sindinamuonepo akumwetulira kupatula tsiku limene mphaka anagwera m'chidebe cha madzi okolopera. Iye ndi amene anandipatsa Medhat kuti azivina nane. Kwa zaka zitatu mnyamata ameneyo ankandigwira m'chiuno, kundikweza m'mwamba ndi kunditsitsa mofatsa ngati dzira. Inu amene simunanyamulidwepo simungamvetse. Ukadalira manja a munthu tsiku ndi tsiku, mtima umatsatira wokha osakufunsa.

Kenako thupi linandipandukira. Ndinatengera mafupa a kwa bambo, kutalika ndi chiuno chomwe. Tsiku lina Madamu anaimitsa woimba piyano n'kundiloza ndi kandodo kaja.

"Sawsan, mnyamatayu ndi wovina, si wonyamula matumba a simenti. Ndamva kuti umatha singano. Mawa ukayambe kuchipinda cha zovala."

Malo anga anapatsidwa kwa Nermin. Ndinene zoona, mwanayo ankavina. Akaima pa nsonga ya phazi, ngakhale okolopa ankasiya ntchito kuti aonerere.

Kusukuluko kunali lamulo limodzi limene Madamu sankanyengerera. Nsapato za baleti zimabwera zopanda zomangira, ndipo wovina aliyense amasokerera yekha mariboni amene amagwira nsapatoyo kuphazi. "Moyo wako uli pa ulusi umenewo," ankatero. "Suupereka kwa munthu wina, ngakhale mayi ako okubereka." Wopezeka kuti wasokeredwa ankachotsedwa pa gule mwezi wathunthu.

Nermin ndi singano sankamwerana madzi. Ankadzibaya, kulira, kutaya nsapato pansi pa bedi.

"Abla, chonde, komaliza," ankatero akundikumbatira m'khosi. Umo ndi mmene ankanditchulira monga mkulu wake, ndipo akanena "Abla" ndi kamawu kaja sindinkatha kukana.

Choncho kuyambira ali mwana, nsapato zake zonse ndinkasoka ndine, kunyumba, chitseko chili chotseka. Ndinali ndi kasokedwe kanga: ulusi wopinda pawiri, wopaka phula, kubaya kakhumi ndi kawiri pa riboni iliyonse mozungulira ngati kabokosi. Riboni yosokedwa ndi ine mukanatha kukokera bulu.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, Medhat anabwera kwathu ndi amalume ake, atavala suti yobwereka. Mayi anandituma kukapanga tiyi. Ndinasankha matambula abwino, chifukwa mwa chitsiru changa ndinkayesa kuti mwina abwerera ine. Ndikulowa ndi thireyi ndinamva amalume aja akutchula dzina la Nermin.

Bambo anakanda m'mutu. "Nanga wamkuluyu? Kwathu wamng'ono satsogola."

"Mulungu amupatsa wake," anatero amalumewo, osandiyang'ana n'komwe, akutola tambula pa thireyi yanga.

Anawerenga pemphero la Fatiha, Nermin anavekedwa mphete ndi zibangili zagolide, ine ndinaimba nthungululu kuposa aliyense.

3

Patapita miyezi isanu kunabwera alendo awiri ochokera ku Ulaya kudzasankha mnyamata ndi mtsikana oti akavine kwawo zaka zisanu. Aliyense ankadziwa amene asankhidwe. Nermin anali atayamba kale kufunsa mitengo ya majasi a chisanu.

"Tikangomanga ukwati tinyamuka," anandiuza kutatsala tsiku limodzi kuti avine pamaso pa alendowo, akundiponyera nsapato zatsopano pamiyendo. "Abla, ndikapita azindisokera ndani? Mwina ndikutengeni m'sutikesi."

Ndinaseka naye. Ndinatenga singano.

Chionetserocho chinachitika masana, m'holo yaikulu ya sukulu. Alendo anakhala kutsogolo ndi makope awo, Madamu pambali pawo, makolo kumbuyo. Ine ndinali kuseri kwa katani, mapini ali kukamwa.

Chakumapeto kwa gule wawo panali malo amene Medhat ankamukweza pamwamba pa mutu, kuzungulira naye kawiri, n'kumutsitsa kuti aterere pa nsonga ya phazi lakumanzere. Anali atachita zimenezi kosawerengeka. Tsikulo anamukweza bwinobwino, anazungulira, anamutsitsa. Chimene holo yonse inaona n'chakuti Nermin anapulumuka m'manja mwake n'kugwa chammbali, mwendo uli pansi pa thupi. Kunamveka phokoso ngati nzimbe ikamathyoka.

Piyano inaima. Mayi anakuwa. Madamu Fikreya anakwera pa siteji, ndipo asanayang'ane n'komwe wovulalayo anamuwomba Medhat mbama pamaso pa alendo.

"Wamugwetsa! Galu iwe, wamugwetsa!"

"Sindikudziwa, Madamu," anatero akuyang'ana zikhatho zake. "Anangondipulumuka. Sindikudziwa."

Anthu atathamangira kuchipatala, ine ndinatsala. Ndinakwawa pa siteji yonse, ndinasuzumira pansi pa piyano, ndinakutumula makatani, kufunafuna nsapato ya kumanzere imene inavuka pa kugwa paja. Sindinaipeze.

4

Kakolo anathyoka patatu. Dokotala anati kuyenda adzayenda, koma za kuvina aiwale. Medhat anapita kuchipatala kukagwada pambali pa bedi, Nermin anatembenukira kukhoma. Sabata yotsatira bambo anabweza mphete ndi zibangili zija zili m'kabokosi kake.

Medhat sanapondenso kusukulu. Anakalowa m'sitolo ya amalume ake yogulitsa mababu ndi mawaya, ndipo anaonda mpaka malaya kumulendewera. Ndinayamba kumupititsira chakudya. Ndinkadziuza kuti ndi chifundo. Ndinkakulunga masamba a mpesa ndi mpunga, kuwanyamula pa basi m'kapoto, kukhala naye kuseri kwa kauntala mpaka adye.

"Iwe wekha ndi amene sukundiona ngati chigawenga," anandiuza tsiku lina.

Patapita zaka ziwiri tinakwatirana. Shubra yonse inatafuna nkhaniyo. Amayi a pa makonde ankati ndatola zotsala za mng'ono wanga, ena ankati ndakwatiwa ndi wopundula m'bale wanga. Nermin anabwera ku ukwati ndi ndodo yake, anandipsompsona masaya onse awiri n'kunena kuti, "Abla, mwina inu akugwirani bwino." Anthu anayesa nthabwala.

Za kanema zinayamba mwangozi. Anamuitana pa pologalamu ina kuti akafotokoze za kuvulala kwake, ndipo m'mphindi khumi anaseketsa wofunsa mafunso mpaka kumuliritsa. Anamupatsa kapologalamu kophunzitsa ana kudziwongola m'mawa. Kuchoka apo anakwera mpaka kukhala ndi yakeyake, *Khomo Lotsegula*, imene amakhazika anthu awiri odana, wina uku wina uku, iye pakati, mpaka wina apepese. Amalowa akutsimphina pang'ono, msana uli chilili monga anatiphunzitsira Madamu, ndipo dziko lonse limamukonda. Anakwatiwapo kamodzi ndi loya wina, banja silinalimbe. Akamufunsa za tsiku lija amangoti, "Ndinagwa, basi. Funso lina."

Pakati pa ine ndi iye panalowa mphepo. Sitinakangane. Pa chikondwerero cha Eid tinkayenderana, ankabweretsera Hala madiresi okwera mtengo. Koma chaka chimene mayi anamwalira, ine ndili ndi pakati, anasiya kunditchula Abla. Anayamba kunditchula Madamu Sawsan, mwaulemu, ngati mlendo wa pa pologalamu yake. Ndinkati ndi matama a anthu otchuka.

Medhat anali mwamuna wabwino, ndipo ubwino wakewo ndi umene unkandipweteka. Pakhomo pathu sankanyamula chilichonse chosweka. Thireyi ya matambula ankaisiyira ine. Nermin akaoneka pa kanema akutsimphina, iye ankadzuka kupita pakhonde kukasuta.

5

Atamaliza kupepesa wogulitsa nyama ndi msuweni uja, Medhat anaimbira foni Nermin. Ndinali kukhitchini, khutu lili pa chitseko. Analankhula pang'ono, anamvetsera nthawi yaitali, kenako anabwera kudzaima pakhomo.

"Wavomera. Koma akuti ndinamugwetsa pamaso pa anthu, ndiye ndikapepese pamaso pa anthu. Lachiwiri akujambula pologalamu, ndikakhale pa mpando uja."

Mpeni unandigwa m'manja. "Pa kanema? Bambo a Hala, mwapenga? Dziko lonse likuoneni?"

"Lindione. Akunena zoona."

Hala, amene tsopano ali pa banja ndipo anali ndi khanda la miyezi inayi, anathamangira kwathu atamva.

"Baba, anthu akakutukwanani m'misewu! Azakhali ali ndi owakonda mamiliyoni. Apongozi anga ndikawayang'ana bwanji?"

"Mwana wanga, kutukwanidwa mwezi umodzi n'chiyani? Iye watsimphina moyo wake wonse."

"Mama, alankhuleni!"

Ine ndinayamba kusonkhanitsa matambula pa tebulo. Hala anaika kamwana kake, Taha, pa sofa pafupi ndi agogo ake. Medhat anakasisita tsaya ndi chala chimodzi, dzanja linalo ali nalo kumbuyo.

Masiku anayi otsatirawo ndinamuona akukonzekera. Anapititsa suti kochapitsa. Anameta. Ndinamupeza pa galasi la kubafa akuyeseza mawu: "Ine Medhat, ndi manja angawa, ndinaononga moyo wa mayi uyu." Akalakwitsa ankayambiranso, monga ankachitira ndi gule kale. Ndinkapemphera, koma pa mkeka wa swala ndinkangoona siteji ija.

Lachiwiri m'mawa tinakwera takisi limodzi. Titafika, anamukhazika pa benchi m'khonde kuti adikire. Ine ndinati ndikufuna kuchimbudzi, n'kupita kukagogoda pa chitseko cholembedwa dzina la mng'ono wanga.

6

Nermin anali pa galasi, mayi wina akumupaka zodzoladzola. Anandiona m'galasimo osatembenuka.

"Madamu Sawsan! Mwabwera kudzaonerera amuna anu? Apatseni mpando wakutsogolo."

"Ndikufuna tilankhule awiri."

Anakweza chala, mayi uja anatuluka. Ndinalankhula chiimire.

"Usamuike pa kanema. Medhat sanakugwetse."

"Ohoo? Ndiye ndinagwetsedwa ndi mphepo?"

"Ndine." Ndinasendera pafupi naye. "Nsapato ya kumanzere ija. Riboni ya mkati ndinaibaya katatu kokha, ndi ulusi umodzi, wopanda phula. Ya kumanja ndinasoka bwino kuti usazindikire. Ndinkadziwa kuti uterera phazi limenelo."

Anapitiriza kundiyang'ana m'galasi.

"Mulungu ndi mboni, sindinkafuna kuti uthyoke. Ndinkati riboni idzangothothoka, idzalendewera, alendo aone kuti ndiwe wosasamala, asakusankheni. Ndinkafuna kuti asapite, Nermin. Ndinkangofuna kuti ndizimuonabe, ngakhale ali mwamuna wako. Nsapato inavuka iye akukutsitsa, phazi linapotoka, ndipo Madamu atamumenya mbama ndinali pomwepo, mapini ali kukamwa. Ndikanatha kulankhula. Sindinalankhule tsiku limenelo, mawa lake kunali kovuta kuposa, ndipo kenako ndinali nditamukwatira... ndinali nditakwatiwa naye."

Nermin anawerama, anatsegula chikwama chake n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'mpango. Anakaika pa tebulo pakati pa mabotolo a zodzoladzola. Inali nsapato ya baleti, yachikasu ndi ukalamba, riboni imodzi ikulendewera pa kaulusi.

Ndinaizindikira pomwepo.

"Mayi anaitola tsiku lomwelo n'kuiponya m'chikwama cha kuchipatala," anatero. "Chikwamacho chinakhala pamwamba pa kabati zaka zitatu. Ndinachitsitsa atamwalira, tikugawa zovala zawo. Ine singano sindiitha, koma kuwerenga ndimatha. Khumi ndi ziwiri, khumi ndi ziwiri, moyo wanga wonse. Apa zitatu."

"Unkadziwa? Zaka zonsezi?"

"Munali m'chipinda chinacho, mimba ili apo, miyezi isanu ndi iwiri. Ndikanatani? Ndikanalowa ndi nsapato m'manja, mwana abadwe bambo ake atachoka?" Apa mawu ake a pa kanema aja anasweka. "Ndinati ndidikire abadwe. Atabadwa ndinati ndidikire akule. Kenako ndinazolowera kukuonani mukundithirira tiyi pa Eid mukuopa kundiyang'ana m'maso, ndipo ndisaname, zinkandikoma. Ine woyanjanitsa dziko lonse, ndinamusiya munthu wosalakwa akudzitcha chigawenga chifukwa ndinkafuna kulanga inu. Tchimo limenelo ndi langa, ndikalisenza ndekha."

"Ndiye bwanji wamuitana pa kanema?"

"Alendo a lero ndi ena, abale awiri olimbirana nyumba. Dzina la Medhat silili pa pepala lililonse. Ndinkafuna ndione ngati mungamulole kukhala pa mpando uja." Anapukuta diso mosamala ndi nsonga ya chala kuti utoto usafufutike. "Mwadikira mpaka m'mawa wa tsiku lenilenilo. Komabe mwabwera."

"Ndikhululukire, mng'ono wanga."

"Za ine tidzakamba, mwendo sukuthawa. Ali pa benchi panjapo atavala suti." Anandikankhira nsapato ija. "Tengani, Abla. Pitani."

Patatha zaka makumi awiri ndi zisanu anandiitananso dzina limenelo, ndipo linandipweteka kuposa kutukwana.

7

Medhat anali atakhala mowongoka, kapepala ka mawu ake kali pa bondo, milomo ikuyenda. Atandiona anamwetulira.

"Mwalira, mayi a Hala? Musadandaule, ndaloweza zonse."

Ndinakhala pambali pake n'kumuika nsapato ija m'manja. Sindinafunike kufotokoza zambiri. Munthu amene anakulira m'manja mwa Madamu Fikreya amadziwa poyang'ana. Anaitembenuza, anapinda chidendene, anayendetsa chala pa timabowo ta singano.

"Katatu," anatero. "Nermin ankasoka chonchi?"

"Nermin sanasokepo nsapato chibadwire. Ndinkasoka ndine."

Ndinamuuza zonse, mmene ndinauzira mng'ono wanga. Anthu ankadutsa m'khondemo ndi mawaya ndi makapu a khofi, wina anatipempha kuti tibweze miyendo. Medhat anamvetsera mpaka kumapeto. Anaika nsapato pa benchi, anatambasula manja ake awiri n'kumawayang'ana ngati awabweza kumene kuchokera kwa munthu amene anawabwereka.

Ndinkadikira kuti akuwe, kapena anene mawu a chisudzulo pomwepo. Iye analankhula motsitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire Hala sananditchule mayi a mwana wake.

"Sawsan, ukukumbuka tsiku limene Hala anakomoka ndi kutentha thupi, ali ndi zaka zinayi?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndinathamanga kukagogoda kwa aneba kuti bambo a kumeneko adzamunyamule kutsika masitepe. Mwana wanga, m'manja mwa mwamuna wina, ine ndikutsatira m'mbuyo nditanyamula tinsapato take. Iwe unalipo. Unandiona."

"Ndinakuonani."

"Ndipo tsiku limenelonso unakhala chete."

Anapinda kapepala kake kaja, anakaika m'thumba, ananyamuka. Sanamenyetse chitseko chilichonse. Ndinamuyang'ana akuyenda m'khonde lonselo mpaka kukatulukira padzuwa.

8

Ku Haji anapita yekha. Ine ndinakafafanizitsa dzina langa, pakuti kope langa ndinali ndisanalitsegule n'komwe. Masiku otsala asananyamuke anagona kwa Hala, ndipo atabwerako anafikiranso komweko. Hala anakhala miyezi iwiri osandiyankha foni.

Wobwera ku Haji amayenderedwa ndi aliyense, ndipo palibe amene amabwezedwa pakhomo. Ndinadikira tsiku lachitatu, masana, anthu atachepa. Ndinamupeza atavala mkanjo woyera, wometa mpala, akuthirira alendo madzi opatulika a Zamzam m'timatambula tagalasi. Thireyi anali ataigwira yekha, ndi dzanja limodzi.

Atafika pa ine anaima pang'ono, kenako ananditambasulira.

"Haji yolandiridwa, bambo a Hala," ndinatero.

"Mulungu akupatseni nanunso."

"Mwandikhululukira?"

"Kumeneko ndinauza Mulungu kuti ndakukhululukira, ndipo sindinganame pamalo paja. Koma kunyumba sindinakonzeke kubwerera. Sindikudziwa ngati ndidzakonzeka."

M'chipinda china Taha anayamba kulira. Hala anati adzuke, bambo ake anamuletsa ndi dzanja. Anaika thireyi pansi, analowa, anatuluka ndi mwanayo. Anamugwira m'chiuno, zala zili mmene anaphunzitsidwira ali mnyamata, anamukweza pamwamba pa mutu, n'kuzungulira naye kawiri pakati pa balaza. Mwana anasiya kulira, anayamba kuseka. Anamutsitsa mofatsa ngati dzira.

Alendo anaombera m'manja. Hala sanaombe. Anaima pakhomo la khitchini, mayi wa zaka makumi awiri ndi zisanu, akuyang'ana mwana wake m'manja amene iye sanalowemo, misozi ikutsika osaipukuta. Kenako anayang'ana ine.

Inu amene mukuwerenga, sindinalembe kuti mundimvere chisoni. Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi kanthu kanu pamwamba pa kabati, ndipo mumadziuza zimene ndinkadziuza ine: kuti zinatha, kuti kuulula kungopweteka anthu, kuti mwalipira kale pokhala munthu wabwino. Ine ndinali mkazi wabwino zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinaphika, ndinachapa, ndinamudwazika, ndipo tsiku lililonse la zaka zimenezo munthu wina ankasenza mlandu wanga ndili pambali pake. Choipa ndinachita ndi singano chinatenga mphindi zisanu, ndipo mwina Mulungu akanachiona ngati misala ya mtsikana wansanje. Kukhala chete kuja ndinkakusankha m'mawa uliwonse ndili ndi nzeru zanga zonse.

Nermin amandiimbira Lachisanu pologalamu yake ikatha kuonetsedwa. Sitikamba zambiri, koma amaimba. Medhat akadali kwa Hala, ndipo ndamva kuti mwanayo saponda pansi, agogo ake sakumutula. Nsapato ija ili ndi ine, pa tebulo la makina anga osokera. Tsiku lina ndinatenga ulusi wopinda pawiri, ndinaupaka phula, ndinaisokerera riboni ija kakhumi ndi kawiri. Ndi yolimba tsopano, mukhoza kukokera bulu. Palibe amene adzaivale.